Kodi UAT ndi end user testing n'chinthu chimodzi?

Wongani: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi kafunso. Ndapanga pulogalamu ya kopaletivi ina ya alimi a soya ndi mtedza, yolembera makilo omwe mlimi wabweretsa ndi ndalama zomwe alandire. Mumgwirizano tinalemba kuti gawo lomaliza la malipiro anga lidzatuluka UAT (user acceptance testing, kuyesa komwe eni ntchito amachita asanailandire pulogalamu) ikasainidwa. Lero bungwe lomwe likuwathandiza ndi ndalama latumiza imelo, likufunanso lipoti la end user testing, kuyesa pulogalamu ndi anthu omwe adzaigwiritse ntchito. Si chomwecho chomwecho? Ndingosintha mutu wa lipoti la UAT ndiwatumizire?

Mphatso: Sintha mutu aise, usavutike. Ndalama zikatuluka utikumbuke ndi kanyenya pa Katoto 😂

Tiwonge: Wongani, usanamvere Mphatso undiyankhe kaye. Pa UAT yakoyo akhala pa kompyuta ndani, ndipo asaine ndani?

Wongani: Manejala ndi akauntanti, achemwali. Ku ofesi kwawo m'tauni muno.

Tiwonge: Nanga nyengo yogula ikayamba, adzaima pafupi ndi sikelo foni ili m'manja ndani?

Wongani: Akalaliki. Ali m'misika ya kumidzi, kuyambira mbali ya ku Ekwendeni mpaka ku Enukweni. Ena ndi alimi omwewo, anangosankhidwa chifukwa anafika Fomu 4.

Tiwonge: Ndiye anthu ake asiyana kale, ndipo zomwe akufuna kudziwa n'zosiyananso. Manejala akufuna kuona ngati chomwe wamupatsa ndi chomwe munagwirizana. UAT imayambira pa pepala. Musanalembe code munakhala pansi n'kulemba zomwe pulogalamuyo izichita, ndipo chilichonse chili ndi muyezo wake, ma acceptance criteria aja. Tiyerekeze munalemba kuti mlimi akabweretsa makilo 52.5 pa mtengo wa K1,200, lisiti lionetse K63,000, ndipo ngati ali ndi ngongole ya mbewu idulidwe asanalandire. Tsiku la UAT akauntanti amatenga test case imeneyo, amalowetsa manambalawo, akaona kuti yankho lafanana amalemba pass, likasiyana fail. Pomaliza pamakhala siginecha, ndipo ndi imeneyo yotsegula ndalama zako, komanso yoyambitsa nthawi ya waranti ngati munailemba.

Kalaliki wa ku Enukweni mgwirizano wanuwo sanauonepo n'komwe. Iye chake n'chakuti kodi atha kulemba mlimi mmodzi n'kupita pa wina, sikirini ili padzuwa, netiweki ikubwera n'kuthawa, anthu pamzere akumuuza kuti kwada, popanda kukuimbira iwe. Zimenezo pa pepala la UAT sizioneka.

Mdala wa ku Katoto: Ndawerenga zonse, koma ndikutsutsaniko pang'ono mayi Tiwonge. Silabasi ya ISTQB, bungwe la oyesa mapulogalamu lija linayamba mu 2002 lomwe ambiri a inu mumalembako mayeso, imaika mitundu ingapo pansi pa acceptance testing. Pali ya ogwiritsa ntchito, ya oyendetsa ma server, ya mgwirizano, ya malamulo, kenaka alpha ndi beta, komwe anthu ochepa amayesa pulogalamu isanatulutsidwe kwa onse. UAT yeniyeni imayenera kuchitidwa ndi anthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho. Chomwe mwana wathuyu akukonzekera, mabwana awiri mu ofesi ya Wi-Fi, ndi kulandira ntchito motsatira mgwirizano basi, tangozolowera kukutchula kuti UAT. Tikanakhala kuti timaitana akalaliki pa UAT, bwenzi bungwelo lisakufunsa lipoti lachiwiri.

Tiwonge: Pa buku mukunena zoona bambo, sindikana. Koma ngakhale muwaitane akalalikiwo, mukawapatsa pepala loti dinani apa, lembani 52.5, dinani Save, ndiye kuti njira mwawauza kale. Chomwe mwatsimikiza n'chakuti batani likugwira ntchito. Zoti munthu payekha akanalipeza batanilo simunazione.

Mdala wa ku Katoto: Ndiye vuto ndi kalembedwe ka ma test case, osati UAT.

Tiwonge: Mbali ina inde. Koma test case yosatchula masitepe wasaina aiweruza bwanji? Akauntanti amafuna kanthu koti achonge.

Lusungu: Ine si wa ma code, anandilowetsa m'gulu muno ndi achimwene anga, koma apa ndiyankhulepo chifukwa ndine kashiya. Kuntchito kwathu atabweretsa sisitimu yatsopano anatiitana ku UAT. Anatipatsa mapepala, abwana aima kumbuyo kwathu, wopanga sisitimu ali pambali kumaloza ndi cholembera poti tidine. Ndani angalembe fail pamenepo? Tinachonga zonse, tinadya nkhomaliro, tinasainira alawansi, aliyense kwawo. Titayamba kugwiritsa ntchito, kasitomala wa dzina la Ng'oma sisitimu inakana kumusunga. Ng'ambi chimodzimodzi. Wokhala ku Ching'ambo chimodzimodzi. Nkhani ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja basi. Tinayamba kulemba Ngoma, ndiye dzina silikufanananso ndi la pa chiphaso cha unzika. China, ukangosiya sikirini pang'ono kuti uwerenge ndalama, imakutulutsa, uyambirenso pasiwedi ndipo zomwe unalemba zapita. Munthu wabwera ndi K500,000 ya ma K2,000, ndi mapepala 250 amenewo, ena onyowa, ena omata ndi selotepu. Uwerenge kawiri kasitomala akuona. Wopanga uja ndikhulupirira sanawerengepo ndalama za munthu pakauntala.

Mphatso: Kachizindikiro kamodzi kakagwetsa fomu ndiye kuti query akungoilumikiza ndi manja. Pamenepo vuto si a Ng'oma okha, SQL injection, njira ija akuba amalowera nayo mu database, ikulowera pakhomo lomwelo.

Tiwonge: Zikomo achemwali Lusungu, mwatipatsa zinthu ziwiri zosiyana. Za a Ng'oma siziyenera kufika pa UAT kapena kwa kashiya. Ndi ntchito yathu ma tester pa system testing, pamene timayesa pulogalamu yonse tisanaipereke, kungoti timayesera ndi John Banda tsiku lililonse ngati dziko lonse ndi a Banda. Koma zokutulutsanizo n'zina. N'kutheka kuti a zachitetezo analemba dala kuti sikirini ikakhala osakhudzidwa kwa kanthawi itseke, wopanga anachita momwemo, test case inati dikirani muone ngati yatseka, yatsekadi, pass. Palibe bug pamenepo, code sinalakwe. Chomwe chinalembedwa ndi chimene sichigwirizana ndi ntchito ya pakauntala, ndipo chinthu cholembedwa molakwika chimadutsa UAT bwinobwino chifukwa UAT ikuyeza ndi pepala lomwelo.

Wongani: Eee, apa mwandikumbutsa china. Manejala anati nambala ya foni isabwerezedwe, mlimi aliyense ikhale yake, kuti anthu asamalembetse kawiri. Ndinapanga momwemo, ndipo test case yake ilipo, ikudutsa.

Lusungu: Achimwene, kumudzi foni imodzi imagwira nyumba yonse. Bambo, mayi, agogo, nthawi zina ndi oyandikana nawo omwe. Mayi akabwera ndi mtedza wawo pambuyo poti bambo alembetsa kale soya, kalaliki wanuyo atani?

Mphatso: Apeka nambala. 0999 kenaka ziro mpaka itadzaza. Wachiwiri asintha nambala yomaliza.

Thoko: Ndipo SMS ya lisiti izipita kwa munthu wosadziwika ku Blantyre. Ndafika mochedwa koma ndawerenga. Wongani, ndikuuze momwe ine ndimachitira, utengepo zomwe ungathe.

Pita komwe ali, usawaitanire ku holo m'tauni. Tenga foni yomwe adzagwiritse ntchito, osati yako. Ngati kopaletivi ikugula ka itel kapena Tecno kotchipa, yesera pomwepo, chifukwa kiyibodi ikatuluka pa sikirini yaying'ono imatha kubisa batani la Save lonse. Usawapatse masitepe, apatse ntchito. Unene kuti mayi awa abwera ndi matumba awiri a mtedza, sikelo yati 48 ndi 51.5, ali ndi ngongole ya mbewu, alembeni. Ukatero khala chete. Apa ndi pamene ma developer amalephera. Munthu akangoima pang'ono dzanja lako limathamangira pa sikirini. Ika manja m'thumba. Akakufunsa kuti ndidine pati, umubwezere kuti inu mukuona ngati pati? Uwapemphe aziyankhula zomwe akuganiza pamene akugwira, ndipo ngati mtima wawo uli pa Chitumbuka ayankhule Chitumbuka, ngati suchimva bwino tenga mnzako. Munthu akamavutika kusankha mawu a Chizungu sanena zomwe zamusokoneza, amangoti it is fine. Ndipo uwauze poyamba pomwe kuti tikuyesa pulogalamu, osati inuyo. Ambiri amayesa ndi intavyu ya ntchito, akalephera awachotsa.

Zolemba m'kope lako: wamaliza kapena ayi, zamutengera nthawi yaitali bwanji, waima pati, wabwerera m'mbuyo pati. ISO 9241-11, muyezo wa padziko lonse wa kagwiritsidwe ntchito, imayeza zinthu zitatu, ngati munthu wakwanitsa ntchitoyo, khama ndi nthawi zomwe waononga, komanso ngati wakhutira. Lipoti lako likayenda pa zitatuzo bungwelo silingakane.

Wongani: Akalaliki alipo ambiri achemwali, thiransipoti yokha indipha.

Thoko: Susowa onse. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu, analemba mu 2000 kuti anthu asanu amaonetsa pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito, potengera kafukufuku yemwe anachita ndi Thomas Landauer mu 1993. Ukafika pa munthu wachinayi umaona kuti akupunthwa pomwe anzake anapunthwa. Bola kuyesa asanu, kukonza, n'kuyesanso ena asanu, kusiyana n'kusonkhanitsa 15 tsiku limodzi.

Mdala wa ku Katoto: Nambala imeneyo anthu amaigwiritsa ntchito molakwika, ndiye tichenjere nayo. Ikunena za anthu ofanana ochita ntchito yofanana. Kalaliki wachinyamata wa TikTok ndi mayi wa zaka 55 amene foni yake ndi ya mabatani si gulu limodzi. Ndipo asanuwo amakuthandiza kupeza mavuto, sakukupatsa chiwerengero. Usakalembe mu lipoti kuti 80 peresenti ya ogwiritsa ntchito akhutira pamene unafunsa anthu asanu. Lemba kuti anayi mwa asanu.

Thoko: Zoona bambo. Akafuna nambala pali System Usability Scale ya John Brooke, ya 1986, mafunso 10 omwe woyesa amayankha, ndipo chapakati chomwe anthu amayerekezera nacho ndi 68 pa 100. Koma ine kumudzi sindiidalira kwenikweni. Mlendo akabwera ndi galimoto anthu athu amachonga zabwino zokhazokha mwaulemu. Chomwe zala zachita ndimachikhulupirira kuposa chomwe pakamwa panena.

Madalitso: Admin ndalowa. Nkhani imeneyi ikundikumbutsa HealthCare.gov, webusaiti ya boma la America yolembetsera inshuwalansi ya zaumoyo. Inatsegulidwa pa 1 Okutobala 2013, ndipo tsiku loyamba anthu 6 okha ndi amene anakwanitsa kulembetsa, dziko lonse lija. Akanayesa ndi ma end user sizikanatero.

Mdala wa ku Katoto: Ayi a Madalitso, imeneyo musaiike mudengu lino. Kumeneko chinavuta kwambiri ndi kuchuluka kwa anthu olowa nthawi imodzi, komanso zigawo zopangidwa ndi makampani osiyanasiyana zomwe anaziyesa pamodzi mochedwa, kutatsala masabata ochepa. Akalaliki asanu a Thoko sakanaona zimenezo, ngakhale manejala ndi pepala lake. Imeneyo ndi load testing ndi integration testing. Ndikunena dala, chifukwa masiku ano chilichonse chikagwa anthu amati UAT sinachitike.

Madalitso: Chabwino bambo, ndabweza. Koma a Wongani nawonso aganizire tsiku la msika akalaliki onse akamatumiza nthawi imodzi netiweki ikangobwera.

Wongani: Imeneyo ndinaiganizira, imasunga pafoni kenaka n'kutumiza ikapeza netiweki. Koma funso langa lenileni tsopano ndi la ndalama. Ndikapita kumudzi n'kupeza kuti za nambala ya foni zija ziyenera kusintha, alipire ndani? Manejala anena kuti ndi bug, ukonze.

Tiwonge: Apa ndi pamene kusiyanitsa ziwirizi kumakupulumutsa. Chinthu chikasemphana ndi zomwe munalemba, ndi bug, ukonza ndi nthawi yako. Chikachita zomwe munalemba koma kumunda sichikuthandiza, ndi change request, mumakhala pansi n'kugwirizana mtengo ndi masiku. Ukaphatikiza malipoti awiriwa kukhala limodzi, chilichonse chomwe kalaliki wadandaula chidzaoneka ngati fail pa UAT, ndipo siginecha siituluka mpaka utakonza zonse ulere.

Lusungu: Ngati telala amene ahedi anamupatsa miyezo ya yunifomu, iye n'kusoka ndendende, koma ana sanawayeze. Malaya akathina mlandu si wa telala.

Mphatso: Koma kholo limatukwana telala yemweyo.

Tiwonge: N'chifukwa chake ine ndikanapita kumudzi UAT isanachitike. Kwa ambiri UAT ndi chipata chomaliza chinthu chisanatulutsidwe, koma kuyesa ndi ogwiritsa ntchito sikudikira mapeto. Ungayambe ngakhale ndi zojambula za papepala code isanalembedwe. Wongani nthawi imeneyo yamudutsa, komabe akhoza kupita sabata ino, abwere ndi zomwe waona, akamuonetse manejala asanasaine. Ndipo manejalayo ndi bwino apite nawo akaone ndi maso ake, chifukwa zomuuza iwe aziona ngati ukufuna kuonjezera ndalama.

Thoko: Apite nawo koma akhale patali, kapena aonere vidiyo pambuyo pake. Akaima kumbuyo kwa kalaliki tibwerera pa nkhani ya a Lusungu ija.

Mdala wa ku Katoto: Ine ndikanachita mosiyana pang'ono. Ndikanaitana akalaliki awiri pa UAT pomwepo, asainire nawo ngati mboni, kuti mawa manejala asadzanene kuti anthu ake sanaonetsedwe. Mayi Tiwonge sagwirizana nazo, ndikudziwa.

Tiwonge: Kuitana sindikukana bambo. Ndikukana kuti siginecha ya kalaliki pamaso pa bwana wake itengedwe ngati umboni woti pulogalamu ndi yosavuta. Asaine kuti anaona, basi.

Mdala wa ku Katoto: Tisiyire pomwepo, aliyense ndi kachitidwe kake. Koma mwana wanga, usanawononge thiransipoti ayankhe kaye a bungwewo pa imelo, uwafunse kuti mu lipotilo akufuna muoneke chiyani. Ena akatero amafuna zomwe Thoko wafotokozazi. Ena amafuna pilot, msika umodzi ugwiritse ntchito kwa masabata angapo kope lakale likuyenda pambali, kenaka muyerekeze makilo a mu kope ndi a mufoni. Ena amangofuna mndandanda wa opezekapo ndi zithunzi. Yankho lawo likhale lolembedwa.

Wongani: Yewo adada, ndiwalembera usiku uno.

Mphatso: Poti tikukamba za kumunda, SMS ya lisiti ija wailemba m'chilankhulo chanji?

Wongani: Chitumbuka ndi Chichewa, mlimi amasankha.

Mphatso: Ona ngati muli chilembo cha ŵ. SMS wamba imanyamula zilembo 160, koma ŵ mulibe mu GSM-7, mndandanda wa zilembo za SMS wamba, ndiye kakangolowa kamodzi uthenga wonse umasinthira ku Unicode ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga womwe umayesa ndi umodzi ulipira ziwiri kapena zitatu. Pa UAT akauntanti adzangoona kuti SMS yafika, bilu adzaiona kumapeto kwa mwezi.

Tiwonge: Lero Mphatso wanena chanzeru, wina alembe deti.

Madalitso: Chinanso, poyesa musatenge mayina ndi manambala enieni a alimi n'kumaponya pa laputopu za anzanu kapena m'gulu muno. Data Protection Act ya 2024 ilipo tsopano. Pekani mayina, koma mupeke a kwathu kuno, a Ng'oma akhalemo, ndi anthu awiri a dzina limodzi m'mudzi umodzi. Ndipo musanajambule kalaliki vidiyo mumupemphe, makamaka jambulani manja ndi sikirini, nkhope isaoneke.

Wongani: Zamveka. Chatsala chimodzi. Ndimafuna kuika app pa Play Store kuti akalaliki azilandira ma update osawatumizira APK, fayilo ya app ija, pa WhatsApp, koma Google ikukana kuti ndiitulutse, ikuti closed testing kaye, ndiye kuti anthu ochepa osankhidwa aiyese.

Thoko: Akaunti yako ndi ya munthu payekha, yatsopano eti? Maakaunti oterowo otsegulidwa pambuyo pa 13 Novembala 2023 amayenera kuchita closed test masiku 14 otsatizana. Poyamba ankafuna anthu 20, anatsitsa kufika 12. Koma usaitenge ngati end user testing yako. Anzako 12 a m'tauni akaika app n'kuisiya, Google iwerenga masiku, koma za sikelo sumvapo kanthu.

Wongani: Ndikudziwa achemwali, ndikungofuna chipata chitseguke. Akalaliki omwe ali ndi Gmail ndiwaikamo, otsalawo ndikupempha muno. Ofuna anditumizire imelo ku inbox, osati pagulu.

Madalitso: Ndatumiza.

Lusungu: Inenso ndiikeni, bola musandiuze poti ndidine.

Mphatso: Ine yanga ndi iPhone aise, mundikhululukire.

Tiwonge: iPhone yake iti, dzulo umapempha chaja ya Tecno ku Luwinga. Tumiza imelo.